Zenera pa chitenje cha a Ezeliya

Kwathu kuno, kuseri kwa Nsaru, mwezi wa Epulo umanunkhira fodya. Zigafa zimakhala zitadzaza, masamba akulendewera pa mikangala, ndipo masana dzuwa likamalowa m'mipata ya udzu wa denga, mkati monse mumaoneka ngati mwathiridwa uchi. Ukakhalamo kanthawi maganizo amayamba kuyenda pang'onopang'ono, mawu a anthu a panja n'kumamveka ngati akuchokera kutsidya kwa dambo. M'chigafa chotere ndi mmene a Ezeliya anaonera chinthu chimene chinawasowetsa mtendere.

Amuna awo, a Elifasi Phiri, anali atagona chagada pa chiguduli, chipewa kumaso, atatopa ndi kupachika fodya. Ndi munthu wochepa thupi, wa mimba yolowa mkati. A Ezeliya anali pambali, singano m'manja, akusoka masamba omaliza. Atakweza maso anaona malaya a amuna awo akudumpha pamwamba pa mchombo. Sikunali kupuma ayi. Kupuma kunali ndi ulendo wakewake, wautali, wofatsa. Uku kunali kugunda, ngati mwanapiye akugogoda chigoba ali m'dzira. Anayang'ana mpaka singano inagwera m'fumbi.

A Ezeliya anabadwira m'mudzi muno. Amayi awo ndi amayi anga anali pachibale, ndipo makomo athu amayang'anizana, kotero moyo wawo ndauona ngati mmene munthu amaonera mtengo wa pabwalo, tsiku ndi tsiku, osaganizira kuti ukukula. Sukulu anailekeza ali wamng'ono kuti azilera ang'ono awo, amayi akapita kudimba. A Elifasi anachokera ku Kabudula kudzakhala chikamwini zipani zisanachuluke, ndipo kuyambira pamenepo chaka cha a Ezeliya chimayenda ndi fodya. Amathirira nazale kudambo mmawa ndi madzulo, amawokera mvula ikagwa, amapalira, amathyola, amasoka mpaka zala kuda ndi utomoni wosamva sopo. Mabelo akamakwera lole amalembedwa dzina la a Elifasi. Palibe amene amadabwa nazo, ngakhale iwo eni.

Palinso zina zimene sizikwera lole. Munthu akagonekedwa kuchipatala alibe womudikirira, amene amapinda mkeka n'kupita ndi a Ezeliya, angakhale wodwalayo si mbale wawo. Pamaliro amafika madzi asanatungidwe, amachoka mbale zitauma. Tsiku la sikelo pa chipatala chathu chaching'ono amasesa bwalo, amathandiza kupachika ana pa sikelo, n'kuyambitsa nyimbo kuti amayi asatope ndi kudikira. Koma mlendo akawafunsa kuti, "Mayi, mumagwira ntchito yanji?" amaseka, n'kuphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Aa, ine ndimangokhala."

Kugunda kuja anali atakuonapo kale, pa alamu awo a Yosefe, obadwa mimba imodzi ndi a Elifasi. A Yosefe ankakonda kubwera kudzacheza, n'kugona pakhonde akadya, ndipo a Ezeliya ankawaseka pachilamu kuti, "Alamu, mwameza chule kodi?" Onse ankaseka, a Yosefe n'kudzimenya pamimba kuti chule agone. Tsiku lina mmawa akumanga ng'ombe pa ngolo anati msana wawagwira. Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, ndipo ngolo yomweyo isanafike kuchipatala anali atatisiya. Anthu ananena zambiri, monga amanenera munthu akafa asanadwale. A Ezeliya anaphika, anatsuka mbale, anabwerera kwawo. Koma chule uja sanamuiwale.

Chaka chomwe anaona kugunda m'chigafachi, pa chipatala chathu panali patabwera kamakina kounikira m'mimba, kakang'ono ngati sopo wochapira, kolumikiza ku chinthu chonga foni yaikulu. Kanabwerera madoda, makamaka amene apitirira zaka makumi asanu ndi limodzi ndipo akhala akusuta. Kutchalitchi kunalengezedwa kuti m'mimba mwa munthu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi wochokera ku mtima, ndipo mwa abambo ena achikulire mtsemphawu umafufuma mwakachetechete, osapweteka, mpaka tsiku lina umaphulika. Ukaoneka msanga, chochita chimakhalapo. Analengeza a Elifasi eni ake, popeza ndi mkulu wa mpingo, ndi mawu awo omveka bwino aja. Atatha anakhala pansi ngati nkhaniyo ndi ya anthu a ku Mchinji. Chonsecho chingambwe amapichira kuyambira unyamata wawo, kungoti amasutira kuseri kwa chigafa, kumene amaganiza kuti mpingo suwaona.

Amene anatumizidwa kutauni kukaphunzira kamakinako anali namwino Florence. Anasankha bwino, aliyense akanasankha yemweyo. Ndi wodekha, dzanja lake ndi lopepuka, ndipo amakhala konkuno, anthu amamudziwa. Koma Florence ndi mkazi wa Vincent, mwana woyamba wa a Ezeliya ndi a Elifasi, ndipo anabwera kudzakhala chitengwa kuchokera ku Mpingu. Kwa a Elifasi ndi mpongozi. Kwa amalume ake a Vincent ndi mpongozi. Kwa amuna onse amene anakwatira akulu ndi ang'ono awo a Ezeliya ndi mpongozinso. Zaka zonsezi Florence ndi a Elifasi sanakhalepo pa mkeka umodzi. Akakumana panjira, wina amapatukira m'chimanga. Moni Florence amapereka atagwada patali, nkhope ili kumbali, mawu n'kudzera mwa a Ezeliya. Si udani. Ndi ulemu, ndipo onse awiri amaunyadira.

Tsono Lachinayi lililonse mmawa Florence ankatsegula chipinda, n'kuyala nsalu pa bedi, n'kudikira. Pa benchi ya panja pankakwera nkhuku zokha. Madoda a midzi ina, amene sali pa chipongozi ndi iye, ankayang'ana kwa a Elifasi: ngati wolengeza mwini wake sakupita, ife tikatani? Komanso chipindacho ndi chomwe amaunikiramo amayi oyembekezera. Dzuwa linkasuntha pa simenti, Florence n'kukulunganso kamakina kake, n'kupita kukathandiza ku mankhwala.

Madzulo ena tinali atatu, ine, a Ezeliya ndi Florence, pa mkeka kuseri kwa nyumba, tikuswa mtedza.

"Make Triza," anatero a Ezeliya, pakuti ndi mmene amamuitanira Florence, potengera mwana wake woyamba, "munthu malaya akamadumpha apa, pamwamba pa mchombo, ndiye kuti chiyani?"

Florence anasiya mtedza. "Ndani, amayi?"

A Ezeliya anangoyang'ana kuchigafa, kumene kautsi kanali kukwera kuseri, mowongoka, chifukwa kunalibe mphepo.

"Mwina si kanthu," anatero Florence motsitsa mawu. "Anthu ochepa thupi nthawi zina zimaoneka chomwecho. Koma amasuta, ndi achikulire, ndipo achimwene awo anapita mmene anapitira muja. Zimenezi zimayenda pachibale. Ndikanakonda nditaona."

"Ndiye muwaone."

"Amayi inu! Ine ndiwauze abambo kuti kwezani malaya, gonani apa? Ndi pakamwa panga pomwepa? Ndikawaona akusenza thumba mtima umandiwawa, koma ndingatani? Wina wodziwa kamakinaka palibe."

Makoko a mtedza ankangolira m'manja mwathu.

Patapita masiku a Ezeliya anawapeza amuna awo akusankha fodya ndi a Januario, amene anakwatira mng'ono wawo, munthu wa mimba yaikulu woti ngakhale pamaliro amaseketsa anthu. Ine ndinali nditapita kukabwereka lichero, ndiye ndinaima pakhomo pa chigafa.

"Bambo a Vincent, Lachinayi tipite kuchipatala akakuunikeni."

"Ndikudwala ine?"

"Simukudwala."

"Nanga?"

A Januario anaika tsamba pansi, n'kuomba m'manja. "Ee, akulu a mpingo, bwanji osatiuza msanga? Mwayamba kulakalaka dothi eti? Tiyambe kuluka tisokosi?"

"Inu khalani chete," anatero a Elifasi. "Yofunika kuunika ndi yanuyo, tione kumene kumapita mowa wa mudzi uno."

"Yanga ilibe chinsinsi, aliyense akuiona. Koma zoti mpongozi aone mchombo wanga, bola ndife nawo."

"Mwamva, Nabanda?" anatero a Elifasi, amene amaitana akazi awo ndi mfunda. Apa sankaseka. "Mwana uja ndimamulemekeza. Sanandionepo ndikudya, lero andione ndili chagada ngati mbuzi yosenda? Mawa ndikakumana naye panjira maso ndidzaika pati? Tikagulitsa fodya ndidzapita ku Namitete, akandiunike anthu achilendo."

Mawu oti "tikagulitsa fodya" a Ezeliya amawadziwa bwino. Denga la khitchini lakhala likuwadikira kuyambira Vincent ali ku pulayimale. Ndipo fodya asanagulitsidwe pamakhala kudinda mabelo, kukanikiza jeke, kusenza, kukweza pa ngolo, ntchito yotupitsa mitsempha ya m'khosi. Paja a Yosefe anakhala pansi pambali pa ngolo. A Ezeliya anatembenuka, n'kundipatsa lichero.

Masiku otsatira ankayenda ngati munthu amene akumvetsera nyimbo ya kutali. Pa mjigo ndowa inkasefukira iwo ali chiimire. Anandiuza pambuyo pake kuti maganizo ankangowabwezera ku tsiku lina lakale, pa njira ya kudambo, pamene nthawi inamukwanira mtsikana wina woyembekezera asanafike kuchipatala. Amayi amene anali pafupi anamasula zitenje zapamwamba, n'kuzitambasula, n'kuima mozungulira, manja ali m'mwamba. Panjira pomwepo panakhala nyumba. Amuna a njinga ankadutsa akuyang'ana kumbali, mphepo inkatupitsa zitenje n'kuziphwetsa, ndipo patapita nthawi mkatimo munamveka kulira kwa khanda. A Ezeliya anali limodzi mwa makoma a nyumbayo. Mapewa anawapweteka mpaka Lamulungu.

"Ndiye ndinati," anandiuza, "ngati nsalu inabisa zazikulu zija, ingalephere kubisa nkhope ya mkulu wa mpingo?"

Anatsegula sutikesi. Zitenje za zipani anali nazo zambiri, za chisankho chilichonse, koma anati munthu sangagone atafunda nkhope ya wandale pamimba, zenera limene ankafuna kudula likhoza kugwera pamphuno. Cha Mvano sichidulidwa. Pansi penipeni panali chitenje chachitali, chobiriwira, cha timbalame toyera, chimene Florence anawapatsa atagwada tsiku limene anabwera kudzakhala chitengwa. Ankachivala pa maukwati pokha, ndipo chinali chikununkhirabe sutikesi. Anali atamufunsa kale Florence malo amene kamakina kamayendapo, kuchokera pansi pa chifuwa kufika pa mchombo. Lumo lisanadye nsalu anaima kaye, akusisita kambalame kamodzi ndi chala. Kenako anadula zenera lokwana malo amenewo, anapinda m'mphepete, n'kuyamba kusoka, zala zakuda ndi fodya zikuyenda pa nsalu yowala.

Masana, a Elifasi atagona pa chiguduli chawo chija, tinalowa m'chigafa. Kwa ine ndi alamu, kotero panalibe choletsa. A Ezeliya anayala theka la chitenje kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, theka linalo tinalikweza m'mwamba ngati khoma, iwo nsonga iyi, ine inayo. A Elifasi anachotsa chipewa kumaso.

"Mukundichita chiyani, Nabanda? Ndamwalira kodi?"

"Kwezani malaya pansi pa nsalupo. Mukuona chiyani?"

"Mbalame."

"Nanga amene waima kumiyendo kwanuyo mukumuona?"

"Kuli munthu?"

"Kulibe. Koma akanakhalako?"

Kenako a Elifasi anafunsa, "Nanga iyeyo aona chiyani?"

A Ezeliya anasuzumira mbali inayo. "Kachikopa. Ndi mchombo."

"Ndiye mchombo wangawo."

"Unalembedwa dzina? Michombo ya madoda yonse ndi yofanana, yonse ndi yoipa."

Ine ndinaseka, khoma n'kugwedezeka. A Elifasi sanaseke. Ankayang'ana timbalame, dzuwa la m'mipata ya denga likuwala kuseri kwake, moti timbalameto tinkaoneka ngati tikuuluka pang'onopang'ono kupita kumodzi.

"Nsalu iyi ndi ija anakupatsani mwana uja," anatero.

"Ndi yomweyo."

"Mwaidula."

"Ndaidula. Chule wa alamu uja ali mwa inu, bambo a Vincent. Ndamuona ndi maso angawa. Ine pamaliro ndaphika pokwanira."

Tsamba limodzi louma linathothoka pa mkangala, linazungulira m'mwamba, n'kutera pa nsalu.

"Asandilankhule," anatero a Elifasi potsiriza. "Inenso sindimulankhula. Zonse zidzere mwa inu. Ndipo tipite mmamawa, a Januario asanadzuke."

Lachinayi tinanyamuka nkhungu idakali padambo. A Elifasi anali patsogolo, atavala jekete la kutchalitchi, ife pambuyo, chitenje chili m'thumba. Mitengo ya bulugamu inkaoneka theka, ng'ombe zinkatuluka m'nkhungu ngati zilibe miyendo, ndipo phazi lililonse linkamveka lokha. Titafika, Florence anali atatuluka dala. Anaima kuseri kwa thanki ya madzi mpaka tinamaliza kuwagoneka ndi kuimika khoma lathu. A Ezeliya anakhosomola, iye n'kulowa mopanda phokoso, nsapato atazisiya pakhomo.

"Amayi, auzeni abambo kuti ndithira mafuta, ndi ozizira."

"Akuti athira mafu…"

"Ndamva."

"Musayankhe msanga ngati mwamva kwa iwo. Dikirani ndimalize ine. Akuti athira mafuta ozizira."

"Ii! Auzeni kuti ndi ozizira zoona."

"Akudziwa."

Pamene tinaimapo tinkaona mbali zonse ziwiri. Uku kunali nkhope ya a Elifasi, maso ali kudenga. Uku kunali Florence, mutu atawerama, dzanja likuyenda pa zenera lija. Pa galasi la chonga foni chija panaoneka zinthu zotuwa, zoyenda, ngati dambo lomwe tinali titangodutsa lija. Nkhungu inkatseguka n'kutsekeka. A Ezeliya akhala ndi mwamuna uyu kuyambira utsikana wawo, amazindikira kutsokomola kwake ali pakati pa chigulu cha anthu, koma mkati mwake anali asanaonemo. Anayang'anitsitsa ngati mkazi amene wafika koyamba kumudzi kwa mwamuna wake. Ndiye pakati pa nkhungupo panatulukira chinthu chakuda, chozungulira, ngati chitsime ukachisuzumira, chikufutukuka n'kubwerera, chikufutukuka n'kubwerera.

"Ndi ameneyo," ananong'ona a Ezeliya.

Florence anaimitsa chithunzi, anayeza uku ndi uku, anasuntha kamakina, anayezanso. Manja athu anayamba kulemera. Koma nsonga ya a Ezeliya sinatsike.

"Amayi," anatero Florence, akusankha mawu, "auzeni abambo kuti mtsempha wafufumadi. Sunafike poopsa kwambiri, koma si woti n'kuusiya. Ndiwatumiza akaonane ndi madokotala kutauni. Ayambe mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Fodya asiye. Mabelo asanyamule, jeke asagwire. Ndipo azibwera, ndiziona ngati ukukula."

A Ezeliya anatsegula pakamwa kuti abwereze, koma mawu sanatuluke. Mayi amene wanyamula mauthenga a maliro mudzi ndi mudzi anangoima, milomo ikugwedezeka. Panja tambala analira. Wina anakoka ndowa pa simenti.

Ndiye kuseri kwa nsalu kunamveka mawu, ndipo sanalunjike kwa akazi awo ayi.

"Make Triza."

Dzanja la Florence linauma pomwe linalipo. Dzina limeneli linali lisanatulukepo pakamwa pa a Elifasi iye ali pafupi.

"Wawa, abambo."

"Ndamva zonse. Tandiuzani, mwana wanga, osandibisira. Mvula ikubwerayi ndidzawokera nawo?"

Florence anagwada pansi, kamakina kali m'manja, nsalu ili pakati pawo.

"Sindine Mulungu, abambo. Koma tauona pa nthawi yabwino. Wa abambo aakulu aja palibe anauona. Mukamvera zimene ndanenazi, ndikukhulupirira kuti mudzawokera. Koma zolemera ayi."

"Nanga fodya? Ngakhale kandudu kamodzi, munthu atadya?"

"Ngakhale kuseri kwa chigafa, abambo."

"Aa. Nanunso mumadziwa?"

"Mpingo wonse umadziwa," anatero a Ezeliya, mawu atabwerera.

Florence anatuluka, ife tinatsitsa khoma, a Elifasi anapukuta mafuta, n'kumanga mabatani a jekete mpaka m'khosi. Potuluka tinapeza a Januario ali pa benchi, chipewa pa bondo. Anali atatitsatira m'nkhungu muja.

"Wamkazi kapena wamwamuna?" anafunsa.

"Lowani mukaone wanu," anatero a Elifasi. "Ine andipeza nacho cha achimwene chija."

Kuseka kunawathera a Januario. Anayang'ana mnzawo, anayang'ana chitenje chimene a Ezeliya anali akupinda, n'kukanda kumutu.

"Alamu, nsaluyo ingakwane mimba ngati iyi?"

"Zenera ndi lomwelo," anatero a Ezeliya. "Livutike ndi khoma. Lowani, manja asanazizire."

Mwa a Januario simunapezeke kanthu, ndipo anauza mudzi wonse kuti makina anaona mtima wabwino basi. Lachinayi lotsatira pa benchi panali madoda, zipewa pa mawondo, akunyozana za mimba. Linalo anabwera a midzi ya kutsidya, pa njinga. Ambiri ankapezeka ali bwino, n'kubwerera akuyenda mopepuka. Owerengeka ankatumizidwa kutauni. Ndipo onsewo, ngakhale amene sali pa chipongozi ndi Florence, ankafunsa asanalowe: "Amayi a nsalu aja alipo?"

Analipo. Ankadzuka kudakali chisisira, kusesa pakhomo, kutunga madzi, kuwapatsa a Elifasi mankhwala, n'kuyenda mpaka kuchipatala. Nsonga inayo tinkasinthana, lero ine, mawa mayi wina wa Mvano, koma ya a Ezeliya inali yawo. Mlonda wa pachipatala anawamvera chisoni, anakhomera misomali m'makoma n'kumanga chingwe kuti nsalu izipachikidwa. Madoda anakana. Chingwe sichibwereza mawu a namwino, sichiuza munthu kuti, "Pumani bwino inu, mukuopa chiyani, mwana wakhanda amagona pomwepa." Chingwecho chilipo mpaka lero, amayanikapo matawulo. Madzulo a Lachinayi ndinkawaona a Ezeliya pakhonde akudzisisita mapewa, kenako n'kudzuka kukachapa chitenje, chifukwa mafuta aja amamata.

Kutauni anapita nawo okha. Madokotala ananena zomwe Florence ananena: mtsempha uzionedwa, ukafika pa msinkhu wina adzakambirana za opaleshoni. Mabelo a chaka chimenecho anadinda Vincent, pa jeke akuthandizana ndi amayi ake, a Elifasi atakhala pa chitsa akulamula, manja akuwayabwa. Kusiya chingambwe kunawavuta. Ankakwiyira nkhuku, ankakwiyira wailesi, ndipo a Ezeliya ankawakazingira mtedza n'kuwaikira m'thumba la jekete momwe munkakhala fodya.

Tsiku lina kunabwera anthu a ku boma pa galimoto yoyera. Anasangalala kwambiri kuti kuno abambo akubwera kudzaunikidwa pomwe kwina sakubwera, anamuyamikira Florence, n'kumujambula atanyamula kamakina. Florence anawalozera chitenje, chimene chinali pa udzu chikuuma, n'kufotokoza. Iwo anagwedeza mitu, anati ndi nzeru yabwino. Mayi wina mwa iwo anafunsa kuti wosokayo ali kuti, koma a Ezeliya anali atapita kale, kunali maliro kutsidya kwa dambo ndipo madzi anali asanatungidwe.

Florence ndi a Elifasi akakumana panjira, wina amapatukirabe m'chimanga. Moni amadzerabe mwa a Ezeliya. Koma nthawi yokaonetsa mtsempha ikakwana, khoma likangoima, awiriwo amacheza. Amafunsana za sukulu ya Triza, za mvula, za mwendo wa amayi ake a Florence ku Mpingu. A Ezeliya amaima pakati, manja m'mwamba, alibe chobwereza, mpaka amachita kunena kuti, "Inu, malizani, mapewa ndi anga." Nsalu ikatsika onse amakhalanso chete, Florence n'kutuluka osacheuka.

Mvula inagwa, ndipo a Elifasi anawokera nawo. Ankayenda pambuyo pa akazi awo, timbande tochepa m'manja, dengu lili pamutu pa a Ezeliya.

Tsopano ndi Epulo winanso. Chigafa chadzaza, mkati mwachita uchi. Dzulo masana ndinasuzumiramo. A Elifasi anali chagada pa chiguduli, chipewa kumaso, makoko a mtedza pambali. A Ezeliya anali atayala chitenje chobiriwira pa mawondo, akubwereza kusoka m'mphepete mwa zenera, momwe ulusi wayamba kutha ndi kuchapa. Malaya a amuna awo ankadumpha pamwamba pa mchombo, monga kale. Florence akuti sunakule. A Ezeliya anayang'ana kanthawi, milomo ikuyenda pang'ono ndi kugundako, kenako anabwezera maso pa singano.